Kalembedwe ka Zizindikiro Zosonyeza Kusintha kwa DNA

Mawu a sayansi akabwerekedwa amatsata malamulo a kalembedwe ka Chichewa, koma zizindikiro zoimira mawuwo sizisinthidwa. Mfundoyi njofunika kwambiri polemba za DNA, imene imasunga chibadwa chomwe mwana amatengera kwa makolo ake.

DNA imalembedwa ndi malembo anayi, A, C, G ndi T, oimira adenini, sayitosini, guwanini ndi thayimini. Ngakhale liwu lakuti sayitosini limayamba ndi s m'Chichewa, chizindikiro chake ndi C basi. M'ndondomeko imene akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana adagwirizana mu 1984, lembo la S lili ndi ntchito yakeyake: limaimira malo amene pangakhale C kapena G, monga momwe R amaimira A kapena G. Choncho womasulira akalemba S pamene payenera C, ndiye kuti wanena zina.

Posonyeza kusintha kwa DNA, akatswiri amatsata ndondomeko yotchedwa HGVS, imene maziko ake adasindikizidwa ndi Johan den Dunnen ndi Stylianos Antonarakis mu 2000. Mwachitsanzo, matenda a sickle cell, amene amapezekanso m'Malawi ndi m'Zambia, amadza kaamba ka kusintha kwa lembo limodzi m'jini ya HBB, ndipo kusinthako kumalembedwa motere: c.20A>T. Lembo laling'ono la c ndi mpumiro wake zikusonyeza kuti kuwerenga kwayambira pa chiyambi cha gawo lopereka malangizo opangira puloteni. 20 ndi malo a kusinthako. A>T akutanthauza kuti T walowa m'malo mwa A.

Zotsatira zake m'puloteni zimalembedwa p.Glu7Val, pamene mabuku akale amalemba Glu6Val. Apa palibe cholakwika cha osindikiza. Kawerengedwe kakale kamasiya methiyonini, kachigawo koyamba kamene kamachotsedwa puloteniyo ikamapangidwa, pomwe HGVS imakawerengera. Mkonzi wosadziwa izi atha kuyesa kuti akukonza pamene akuwononga.

Pachifukwa ichi, olemba, akonzi ndi aphunzitsi asamale zinthu zitatu. Poyamba, chizindikiro chikoperedwe monga chilili, popanda kuikamo mpata kapena kuchidula pa mapeto a mzere. Kachiwiri, chisayambe chiganizo, kuopa kuti c wamng'ono angasandutsidwe C wamkulu, amene ndi sayitosini. Pomaliza, dzina la jini litchulidwe nthawi zonse, popeza 20 payekha sauza wowerenga jini imene yasinthayo.