Wakuba Amene Salumpha Mpanda

Fakitale yoyamba imene ndinagwirako ntchito ya zamagetsi inali yotetezedwa ngati ndende. Mpanda wautali wa njerwa, pamwamba pake atazikapo mabotolo osweka, pageti alonda awiri, usiku agalu. Poweruka ankatipisa m'matumba, n'kutsegulitsa ndi kontena ya nsima yomwe, kuopa kuti wina angazembetse sipanala kapena waya wa kopa. Koma m'kachipinda koyendetsera makina opakira katundu munali kompyuta yakale ya Windows XP, ndipo pasiwedi yake inali pa kapepala komatidwa ndi selotepi m'mbali mwa sikirini: 1234. Anyamata a shifiti ya usiku ankatchajirapo mafoni. Wina ankasomekapo fulashi yake kuti nyimbo zizimuchotsa tulo.

M'mawa wina tinapeza lamba ali chiimire, sikirini itauma, makatoni ataunjikana kumapeto kwa mzere. Ndinayang'ana mafyuzi, ndinayeza mota, zonse zinali bwinobwino. Mnyamata wa makompyuta atabwera anati ndi vayirasi, yalowera pa fulashi ija. Akapitawo, bambo amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti makinawa agwidwa chimfine?" Tinaseka. Koma tinatha masiku awiri osapakira kanthu, malole atandandalika pageti, madalaivala akugona kunsi kwa magalimoto awo.

Imeneyo inali ngozi chabe. Panalibe amene ankatifunira zoipa, vayirasi inangotsatira nyimbo, komanso makina athu sankalankhula ndi wina aliyense kunja kwa chipindacho. Mafakitale a masiku ano ndi ena. Sikelo imauza kompyuta ya ku ofesi kuti matumba atuluka angati, ofesi imauza makina zoti apange mawa, bwana amaona zonse pa foni ali ku maliro kumudzi. N'zokoma ndithu, ndipo zimachepetsa kuba ndi kuwononga. Koma waya umene umatulutsa uthenga ndi womwewo umene ungalowetse mlendo. Ndipo alipo anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo, yofufuza mawaya oterewa.

Nkhani imene ndimakonda kufotokozera anzanga ndi ya Norsk Hydro, kampani ya ku Norway yopanga aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija cha mapoto ndi mafelemu a mawindo. Panthawiyo inali ndi antchito pafupifupi 35,000 m'mayiko 40. Usiku wa pa 18 kuchera pa 19 March 2019, makompyuta ake anayamba kudzitsekera okha, ina pambuyo pa inzake. Pulogalamu yoipayo dzina lake LockerGoga. Ntchito yake ndi kusokoneza mafayilo onse kuti asawerengeke, n'kusiya kalata yonena kuti mukafuna kiyi wotsegulira, lipirani dipo. Kunja kukucha, makompyuta pafupifupi 22,000 m'malo 170 anali atagwidwa. Antchito atafika anapeza zikalata zomatidwa pamakomo zowaletsa kulumikiza chipangizo chilichonse ku netiweki ya kampani.

Chondichititsa chidwi n'chakuti akubawo sanalowe usiku umenewo. Analowa miyezi ingapo m'mbuyomo, pamene wantchito wina anatsegula imelo yochokera kwa kasitomala amene ankamudziwa ndi kumukhulupirira. Musathamangire kumunena munthuyo kuti ndi wopusa. Ndani mwa ife amakayikira kalata ya munthu amene wachita naye malonda zaka zambiri? Atalowa, anakhala phee, akuyenda chipinda ndi chipinda, kutola makiyi, mpaka anafika pa kompyuta imene imalamulira zinzake zonse. Ndiye anaigwiritsa ntchito yomweyo kugawira poizoni nyumba yonse nthawi imodzi.

Kuti mumvetse mantha a usiku umenewo, muyenera kudziwa mmene aluminiyamu amapangidwira. Amasungunulidwa m'miphika ikuluikulu ya magetsi, yotentha madigiri pafupifupi 960, usana ndi usiku, chaka chonse. Mphika wotere sauzimitsa ngati wailesi. Ukangokhala maola ochepa wopanda mphamvu, zamkatimo zimauma gwa, ndipo kuukonzanso ndi ntchito ya miyezi. Mwamwayi ng'anjo za Hydro sizinaime, anthu anaziyendetsa ndi manja m'malo ambiri momwe kale kompyuta inkathandiza. Amene anavutika kwambiri ndi mafakitale ofinya aluminiyamu wotentha kudzera m'chikombole, monga mmene timafinyira mankhwala otsukira mano, kuti atuluke mafelemu. Makina ambiri kumeneko anali amoyo, osawonongeka pena paliponse. Koma apange chiyani? Cha kasitomala uti? Chotalika bwanji, pa chikombole chiti? Zonsezo zinali m'makompyuta otsekedwa aja. Telala akhoza kukhala ndi makina abwino, ulusi ndi nsalu, koma buku la miyezo likatayika amangokhala manja lende.

Akuluakulu a Hydro anakana kulipira. Anauza apolisi, anauza dziko lonse poyera, ndipo poti tsamba lawo la pa intaneti linali litagwa, nkhani ankazilengeza pa Facebook. Anali ndi makope a mafayilo osungidwa pena, ndiye anayamba kumanganso zonse kuchokera pamenepo. Podikira, antchito anafukula mapepala akale m'makabati, n'kumalemba maoda ndi cholembera. Ndipo anthu opuma pantchito, amene anayendetsapo makinawo kompyuta isanabwere, anabwerera kudzathandiza. Pamenepa m'pamene ine ndimaima ndikamakamba nkhaniyi. Kampani ya ndalama zankhaninkhani, ya akatswiri a masukulu apamwamba, inathandizidwa ndi agogo okumbukira kuti valavu iyi imatsegulidwa kangati. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ngakhale ku Norway. Komabe panapita milungu zinthu zisanabwerere m'chimake, ndipo kampaniyo inataya ndalama pafupifupi madola 70 miliyoni a ku America. Mu October 2021 apolisi a mayiko angapo anakagwira ku Ukraine ndi ku Switzerland anthu oganiziridwa kuti ankafalitsa LockerGoga.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangoika antivayirasi basi, monga timachitira pa laputopu. Tsegulani kabati ya magetsi ya makina aliwonse amakono, mupezamo kabokosi kopanda sikirini, kodzaza timagetsi tophethira, mawaya ambirimbiri atalowamo. Timakatcha PLC. Ndi kamene kamauza mota nthawi yoyamba, valavu nthawi yotseka, lamba liwiro loyendera. Timabokosi timeneti tinayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 m'mafakitale a magalimoto ku America, ndipo chimodzi mwa zilankhulo zimene timalankhulirana, Modbus, chinapangidwa mu 1979. Nthawi imeneyo palibe ankalota zoti waya wa m'fakitale udzafika ku dziko lina. Choncho Modbus yakaleyo sifunsa kuti ndinu ndani. Aliyense amene wafika pa waya n'kunena kuti "tseka", kabokosiko kamatseka. Kali ngati mwana womvera kwambiri, wotumika ndi aliyense wodutsa pamsewu.

Chinanso, foni timasintha pakatha zaka zitatu, koma makina a m'fakitale amagulidwa kuti akhale zaka 20 kapena 30. Microsoft inasiya kukonza Windows XP mu April 2014, koma mpaka lero ndimaipezabe ikuyendetsa makina, chifukwa pulogalamu ya makinawo siyenda pa Windows ina, ndipo kampani imene inaapanga mwina inatsekedwa kalekale. Ngakhale pamene chigamba chotsekera bowo la m'pulogalamu chilipo, kuti uchiike uyenera kuimitsa mzere wonse. Kauzeni bwana wa fakitale ya shuga pakati pa nyengo yodula nzimbe kuti muzimitse makina theka la tsiku pofuna kutseka bowo losaoneka ndi maso, mudzamve yankho lake.

Akuba a dipo amafuna ndalama, ndipo nthawi zambiri amathera m'makompyuta a ku ofesi. Koma alipo ena amene amalunjika pa kabokosi kaja. Mu 2010 kunatulukira Stuxnet, pulogalamu imene inalowa m'fakitale ya nyukiliya ya ku Natanz, ku Iran, malo amene sanali pa intaneti n'komwe. Inkatha kuyenda pa fulashi, ngati ya mnzanga wa nyimbo uja. Inkafunafuna ma PLC a Siemens, n'kumasinthasintha liwiro la makina ozungulira mpaka kuwonongeka, uku ikuonetsa oyang'anira manambala abodza oti zonse zili bwino. Pamenepo ndiye pamandiopsa ine wa zamagetsi: moyo wanga wonse ndakhulupirira geji. Mu December 2014 bungwe la boma la Germany loona za chitetezo cha makompyuta, BSI, linaulula za fakitale ina ya zitsulo kumene akuba analowera pa maimelo a ku ofesi, n'kuwolokera ku makina, mpaka ng'anjo inakanika kuzimitsidwa mwa dongosolo ndipo inawonongeka kwambiri. Mu 2017, pa fakitale ina ya mafuta ndi makemikolo ku Saudi Arabia, pulogalamu yotchedwa Triton inafika pa makina omaliza enieni, aja amene ntchito yawo ndi kuzimitsa zonse zinthu zikafika poti ziphulika. Inalakwitsa penapake, fakitale inazima yokha, ndipo m'pamene anthu anaitulukira. Ikanapanda kulakwitsa, bwenzi tikukamba za maliro.

Khomo lina limene ambiri saliganizira ndi la mnansi. Pa 1 March 2022 Toyota inaimitsa mafakitale ake onse 14 a ku Japan tsiku lathunthu. Sikuti amene anaukiridwa anali a Toyota eniake ayi. Amene anagwidwa anali a Kojima Industries, kampani yowapangira zipangizo zapulasitiki, ndipo poti Toyota sisunga katundu wambiri m'nkhokwe, chipangizo chimodzi chikasowa galimoto situluka. Mu August 2018 kampani ya TSMC ya ku Taiwan, imene imapanga timitima ta mafoni ambiri, inaimitsa mafakitale angapo chifukwa makina atsopano analumikizidwa asanapimidwe, ali ndi vayirasi ya mtundu wa WannaCry m'mimba. Ndipo mu September 2025 Jaguar Land Rover ku Britain itaukiridwa inakhala mwezi wathunthu ndi masiku osapanga galimoto, timakampani toigulitsa zipangizo titayamba kulira, mpaka boma linalowererapo n'kuikira kumbuyo ngongole ya mapaundi 1.5 biliyoni.

Za mnansizi n'zimene zimatikhudza kwambiri kuno. Makina amene ndagwirapo anachokera ku India, ku China, ku Germany kapena ku South Africa, ndipo akavuta, injiniya wa kumeneko sakwera ndege. Amalowa pa intaneti n'kukonza ali kwawo. Zimapulumutsa ndalama zambiri. Koma kangapo konse ndapeza kuti khomo limene anamutsegulira tsiku limenelo lili chitsegukire chaka chonse, pasiwedi yake ndi yomwe ija inabwera ndi makina, yolembedwa m'buku limene aliyense angalipeze pa intaneti. Ena amati ife ndife aang'ono, ndani angatifune? Akubawa sasankha ndi maso. Ali ndi mapulogalamu oyenda usiku wonse akugogoda khomo lililonse padziko, ndipo lotseguka ndi limene amalowa. Za kukula kwanu amazifufuza ali kale m'kati.

Zodzitetezera zimene ndaona zikugwira ntchito si zodula kwenikweni, n'zotopetsa chabe. Netiweki ya ku ofesi, kumene anthu amatsegula maimelo ndi kuonera mpira, isiyane ndi ya makina, pakati pakhale geti limodzi lokhala ndi mlonda wake. Injiniya wakunja azitsegulidwira akafunika, n'kutsekeredwa akamaliza. Mabowo osomekapo fulashi amene alibe ntchito atsekedwe, ine ndinafika pomata ena ndi guluu. Ndipo pulogalamu ya PLC iliyonse ikhale ndi kope lake losungidwa kosalumikizidwa ndi chilichonse, loyesedwa kuti likugwiradi. Kope losayesedwa lili ngati tayala la sipeya limene sunaliyang'anepo chigulire galimoto.

Za kulipira dipo, sindiweruza munthu. JBS, kampani yaikulu ya nyama, inalipira madola 11 miliyoni mu 2021 mafakitale ake a ku America ndi ku Australia ataima. Nyama siidikira. Koma ndimaona kuti Hydro inatha kukana osati chifukwa cha kulimba mtima kokha. Inali ndi makope, ndiponso inali ndi anthu odziwa kugwira ntchito kompyuta palibe. Chachiwirichi n'chimene chikutha mwakachetechete, chifukwa makina akamachenjera, mabwana amaona ngati munthu wodziwa za manja ndi wongodya malipiro.

Chaka chatha anandiitana pa fakitale ina kukaona kabati imene inkatentha. Malo okongola, makina atsopano, masikirini paliponse. Woyendetsa makinawo anali mnyamata wochangamuka, wa satifiketi yake, zala zikuthamanga pa sikirini ngati akutumiza uthenga kwa chibwenzi. Nditamaliza ndinamufunsa kuti sikiriniyo itazima lero, angayendetse mzerewo ndi manja? Anati zimatheka, pali swichi yake, ndipo anandilozera. Ndinafunsa ngati anayesapo. Anaseka, n'kunena kuti amene ankadziwa zimenezo ndi madala ena amene anapuma chaka chapitacho, panopa akulima mtedza kwawo. Nanga buku la makina? Anandiperekeza ku kabati yachitsulo pakona. Inali yokhoma, ndipo kiyi wake palibe ankadziwa kumene ali. Tinasuzumira pa kampata ka chitseko ndi tochi ya foni. Bukulo linalimo ndithu, lonenepa, likadali m'pulasitiki yake, lolembedwa m'Chijeremani.