Pogula sola, musalipire mawu akuti "nano"

Kukada pa msika wa Lizulu kapena pa mphambano ya Tsangano, malonda sathera pomwepo. Mabasi ndi mathiraki a mumsewu wa M1 amaimabe, ndipo wogula amathamangira pa benchi yowala, pomwe akuona bwino tomato, kabichi ndi kachewere. Nyali ya sola tsopano ndi mbali ya mpamba, choncho ndi bwino kudziwa chimene mukugula.

Nyaliyi ili ndi zida ziwiri zofanana mtundu. Panelo imasandutsa dzuwa kukhala magetsi, pomwe babu la LED limasandutsa magetsiwo kukhala kuwala. Zonse zimapangidwa ndi zinthu zotchedwa semiconductor: mapanelo ambiri ndi a silicon, mababu oyera ndi a gallium nitride. Akatswiri atatu ochokera ku Japan omwe anatsegula njira ya babu lotere, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, analandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Kafukufuku wapita patsogolo ndi timawaya totchedwa nanowire, tochepa kwambiri moti mazana angapo ndiwo angafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Amatiimika mothithikana ngati chimanga m'munda, ndipo kuwala kukalowa pakati pake kumakodwa. Mu 2013, pa yunivesite ya Lund ku Sweden anapanga kachipangizo komwe timawayati tinangotenga magawo 12 pa 100 aliwonse a malo, koma kanasandutsa magawo 13.8 pa 100 a mphamvu ya dzuwa kukhala magetsi. Phindu lake ndi lakuti zipangizo zodula zimalowa zochepa.

Koma za mu labotale sizifika msanga pa shelefu. Kampani ya Sol Voltaics ya ku Lund komweko, yomwe inkafuna kuchita malonda ndi lusoli, inagwa mu 2019. Ngakhale malo opangira magetsi a dzuwa a ku Golomoti m'boma la Dedza, a mamegawati 20, amadalira mapanelo a silicon. Tsono wina akakuonjezerani mtengo ponena kuti panelo yake ndi ya "nano", ndalama yanu ibwerere m'thumba.

Zofunika zili pa chikalata chomatidwa kuseri kwa panelo. Onani mawati ake, kenako uzani wogulitsa ayeze ndi mita padzuwa inu mukuona. Panelo yaing'ono ngati mbale yolembedwa mawati ochuluka ikunama, chifukwa mphamvu imayenderana ndi kukula kwake.

Pa babu yang'anani nambala ya lumens, yomwe imanena kuwala kwenikweni. LED yabwino ya mawati 5 imapereka pafupifupi 450, ngati babu lakale la mawati 40. Ogulitsa tomato ndi nyama asankhe kuwala kofiirira pang'ono. Koyera mopita ku buluu kumazimiritsa mtundu wa katundu.

Chomwe chimayamba kufa kawirikawiri ndi batire. Funsani ngati limasinthika, ndipo musachoke opanda lisiti yolembedwa miyezi ya waranti.