Diso likavulala, dokotala amadziwa bwanji ngati lidzaonanso?

Munthu akafika pa chipatala cha boma cha Chiradzulu atagwira diso ndi kansalu ka magazi, abale sachedwa kufunsa kuti, "Adokotala, kodi aonanso?" Amafuna inde kapena ayi pomwepo. Koma wa zamaso amayamba watenga tochi, n'kumukhazika wodwalayo moyang'ana chikwangwani cha zilembo, n'kumufunsa kuti chamulasa n'chiyani komanso liti. Pa zinthu zochepa zomwezi ndi pamene akatswiri anamangapo njira yoyezera mwayi wa diso lovulala. Njirayo ikuonetsa kuti mwayi wina umatha pa nthawi ya ngozi, koma wina umatayikira kunyumba ndi panjira.

Zovulaza maso kuno ndi ntchito zathu zomwezi. Mlimi awerama m'munda, chitsa cha nandolo n'kumubaya. Mayi akuwaza nkhuni, kachibanthu n'kudumphira kumaso. Pali oswa miyala cha ku Njuli, owotcherera zitsulo opanda magalasi m'misika ngati wa Mbulumbuzi, ana olasana ndi malegeni, ndi ndewu za kumowa zothera pa botolo. Mu 1998, akatswiri awiri a bungwe la World Health Organization, Négrel ndi Thylefors, anawerengetsa kuti chaka chilichonse pa dziko lapansi pamachitika ngozi za maso pafupifupi 55 miliyoni zolepheretsa munthu ntchito kupitirira tsiku limodzi, ndipo pa ngozi 200,000 diso limang'ambika kapena kubooka.

Malikisi a diso

Mu 2002, Dr. Ferenc Kuhn ndi anzake anatulutsa njira yotchedwa Ocular Trauma Score ataunika maso ovulala oposa 2,500 ku America ndi ku Hungary. Iwo anayang'ana mmene diso lililonse linalili pofika ku chipatala ndi mmene linkaonera patatha miyezi 6, n'kusankha zizindikiro zimene zinkalosera bwino mathero ake. Kawerengedwe kake kali ngati ka mphunzitsi wochonga mayeso: diso limapatsidwa malikisi oyambira, kenako amachotsera pa vuto lililonse lalikulu limene lapezeka.

Malikisi oyambira amachokera pa mmene diso likuonera tsiku loyamba. Wodwala amakhala mamita 6 kuchokera pa chikwangwani, diso labwino ataliphimba. Kwa osadziwa kuwerenga pali chikwangwani cha chilembo E chokhachokha, ndipo munthu amangoloza ndi zala kumene miyendo ya chilembocho yaloza. Akafika pa mzere wa 6/12, kutanthauza kuti akuona pa mamita 6 zimene diso labwino limaona pa mamita 12, amapata malikisi 100. Akaona chilembo chachikulu cha pamwamba ndi mizere ingapo koma osafika pamenepo, ndi 90. Akalephera ngakhale chachikulucho, dokotala amayandikira n'kumuonetsa zala, ndipo akaziwerenga, ndi 80. Wongoona dzanja likugwedezeka kapena kuwala kwa tochi amapata 70. Amene sakuona ngakhale kuwala amayambira pa 60.

Zochotsera zilipo zisanu. Diso likaphulika chifukwa chomenyedwa ndi chinthu chosathwa monga chibakera, mwala kapena ndodo, amachotsa 23. Mafinya akalowa m'kati mwa diso, 17. Chinthu chikalowa kutsogolo n'kutulukira kumbuyo kwa diso, 14. Retina, kansalu ka kumbuyo m'kati mwa diso kamene kamalandira kuwala, ikamatuka, 11. Ndipo mwana wa diso akalephera mayeso a tochi, 10.

Mayeso a tochiwa ndi osavuta, koma amaulula zambiri. Mukawalitsa diso limodzi la munthu wabwinobwino, ana a maso onse awiri amachepa nthawi imodzi. Dokotala amawalitsa diso labwino, kenako n'kusamutsira tochi msangamsanga ku lovulala, n'kubwereranso, kangapo konse. Ngati mwana wa diso lovulalalo akukula m'malo mochepa pamene kuwala kwamufika, ndiye kuti uthenga wa kuwala sukuyenda bwino kupita ku ubongo: mtsempha wa diso kapena retina yaonongeka kwambiri. Diso lovulala likadzaza magazi moti mwana wake sakuoneka, dokotala amawalitsabe lomwelo koma n'kumayang'ana mwana wa diso linalo.

Malikisi otsala amaika diso m'gulu limodzi mwa magulu asanu. Gulu loyamba ndi la malikisi 0 mpaka 44, ndipo mmenemu pafupifupi maso atatu mwa anayi alionse amathera osaona ngakhale kuwala. Gulu lachisanu ndi la 92 mpaka 100, mmene maso oposa 9 mwa 10 amadzaona 6/12 kapena kuposa. Pakati pali 45 mpaka 65, 66 mpaka 80, ndi 81 mpaka 91. Zida zake zambiri ndi zimene zimapezeka pa chipatala cha boma, ngakhale kuti kuona retina m'diso lodzaza magazi kumafuna makina a ultrasound.

Mwala umodzi, mathero awiri

Tiyerekeze mnyamata woswa miyala amene kachidutswa kamucheka galasi la kutsogolo kwa diso, limene madokotala amalitcha cornea. Akungoona dzanja likugwedezeka, choncho ali ndi 70. Diso silinaphulike, retina ili m'malo, mwana wa diso akuyankha tochi. Akafika tsiku lomwelo, n'kutumizidwa ku Lions Sight First Eye Hospital pa Queen Elizabeth ku Blantyre, n'kukasokedwa mafinya asanalowe, amakhalabe pa 70, m'gulu lachitatu. M'gulu limeneli pafupifupi 7 mwa 10 amadzaona chilembo chachikulu chija kapena kuposa, kumene ndi kuona kokwanira kuyenda wekha ndi kuzindikira nkhope ya munthu wapafupi.

Mnyamata yemweyo akhale kunyumba masiku anayi, azakhali akumudonthezera madzi a masamba, ena mkaka wa m'mawere, ena mankhwala otsala a mnansi. Pofika ku chipatala diso latupa, m'kati muli mafinya. Pa 70 paja pachoka 17, patsala 53, gulu lachiwiri. Mmenemu ofika pa kuona kuja ndi pafupifupi 3 okha mwa 10, ndipo oposa theka amathera pongoona kuwala ndi dzanja, kapena mdima weniweni. Kawirikawiri mafinyawo amatsitsanso malikisi oyambira, chifukwa diso limene dzana linkaona dzanja lero likhoza kukhala losaona kanthu.

Pa zochotsera zisanu zija, kuphulika ndi kubooka zimachitika pa nthawi ya ngozi, ndipo m'bale alibe nazo chochita. Mafinya ndiwo amadikira nthawi. Tizilombo timalowera pa bala limene lili pululu, makamaka ngati chobayacho ndi mtengo, munga kapena chinthu cha dothi. N'chifukwa chake madokotala a maso amafuna kusoka diso long'ambika maola 24 asanathe. Kafukufuku wa Paul Courtright, Susan Lewallen ndi anzawo, wochitikira kumidzi m'Malawi muno n'kusindikizidwa mu 1994, anapeza kuti pa odwala zilonda ndi matenda ena a galasi la diso, pafupifupi mmodzi mwa atatu anali atayamba wathira mankhwala achikuda. Pa diso lobooka, chilichonse chodonthezedwa chikhoza kulowa mpaka m'kati.

Pamene manambala amalekera

Malikisiwa amanena za gulu la anthu, osati za munthu mmodzi. Amalosera molondola pafupifupi kanayi pa kasanu kalikonse, ndiye kuti pa anthu asanu mmodzi amachira kuposa kapena kuchepera pa zimene zinayembekezeka. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene madokotala sathamangira kuchotsa diso ngakhale lili m'gulu loyamba. Ngati n'kotheka amayamba alisoka n'kuona mmene liyendere, pakuti maso ena osaona kuwala tsiku loyamba amadzayamba kuona pang'ono magazi akachoka.

Malo a bala nawonso amawerengedwa padera. Bala la kutsogolo pa galasi lili ndi mwayi wochuluka kusiyana ndi limene lapita kumbuyo pa choyera cha diso, kupitirira mamilimita 5 kuchokera m'mphepete mwa galasi, chifukwa kumeneko n'kumene kuli retina. Komanso tisaiwale kuti manambalawa anachokera m'mayiko mmene opaleshoni ya retina imapezeka msanga. Kumene akatswiri ake ndi ochepa, retina ikamatuka mwayi ukhoza kuchepa kuposa mmene malikisi akunenera.

Ana ali ndi vuto lawolawo. Mwana wamng'ono amene akulira ndi ululu sangayezedwe bwino pa chikwangwani, choncho malikisi oyambira amakhala okayikitsa. Ndipo ubongo wa mwana wosafika zaka 7 kapena 8 umakhala ukuphunzirabe kuona. Diso likakhala miyezi lili ndi chipsera kapena ng'ala yobwera ndi ngozi, ubongo umalinyalanyaza, moti ngakhale bala litapola disolo limakhala laulesi. Mwana wotere amafunika magalasi, nthawi zina kuphimba diso labwino maola angapo pa tsiku, ndi kubwerera ku chipatala pa masiku onse amene wapatsidwa.

Ngakhale kwa wamkulu, kusoka ndi chiyambi chabe. Pali ulusi wochotsa, ng'ala yofunika opaleshoni, ndi mphamvu ya madzi a m'diso yoyenera kuyezedwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: yankho lenileni limadziwika pakatha miyezi. Ndipo diso labwino likayamba kufiira, kuwawa kapena kuopa kuwala patapita masabata kapena miyezi, thamangirani ku chipatala, chifukwa mwa apo ndi apo thupi limatembenukira diso limene silinavulale.

Kumva msanga kuti mwayi ndi wochepa kumapweteka, koma kumateteza banja kuti lisagulitse mbuzi ndi chimanga pozungulira kwa asing'anga. Kumathandizanso kukonza za mtsogolo. Wa diso limodzi amalima, kuphunzira ndi kuchita malonda, bola ateteze lotsalalo. Kwa amene maso onse avulala kuli bungwe la Malawi Union of the Blind, ndipo konkuno ku Nguludi kuli koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana osaona.

Zochita ngozi ikachitika

Musatikite diso, musalifinye, ndipo musazule chimene chabaya. Dulani kunsi kwa botolo la pulasitiki loyera kapena tengani kapu yaing'ono, muvundikire diso moti m'mphepete mwake mutsamire pa mafupa ozungulira diso, mumate ndi pulasitala. Musathire kanthu. Wovulalayo asadye kapena kumwa mpaka dokotala atamuona, poti mwina apita ku opaleshoni. Nyamukani tsiku lomwelo, ndipo kanenani zoona za chimene chamulasa, nthawi yake, ndi chilichonse chimene chathiridwa kale.

Lamulo loti musathire kanthu limasintha pa laimu, simenti, asidi wa batire ndi mankhwala a m'munda. Izi zimapitiriza kuotcha diso mphindi iliyonse, choncho tsukani pomwepo ndi madzi oyera ambiri, chikope chili chotsegula, kwa mphindi zosachepera 20, kenako muuyambe wa ku chipatala.