Anthu Owerenga Zaka za Malenzi Akale

Nambala ya lenzi yakale ya Kodak ikayamba ndi zilembo ES, munthu wamba saonapo kanthu. Wodziwa ntchito amangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti 1947. Kampaniyi, ku Rochester m'dziko la America, inkabisa chaka m'mawu akuti CAMEROSITY: C kuimira 1, A kuimira 2, kupitirira choncho mpaka Y amene ndi 0. E ndi 4, S ndi 7, basi nkhani yatha. Alipo anthu amene amadya kuchokera m'luso lotere, lozindikira kuti galasi la kamera lili m'manjali linapangidwa liti, kuti, ndiponso ngati dzina lolembedwapo likunena zoona.

Ambiri mwa iwo sanaphunzire zimenezi m'kalasi. Ena ndi ogulira masitolo a makamera akale, monga odzaza m'madera a Shinjuku ndi Nakano mumzinda wa Tokyo, kapena KEH ku America ndi Kamerastore ku Tampere m'dziko la Finland. Ena ndi amisiri okonza, amene anakalambira patebulo lodzaza timasikuluwu. Palinso akatswiri a nyumba za okushoni, ngati ya Leitz Photographica ku Vienna, imene mu 2022 inagulitsa kamera imodzi ya Leica, yomwe inali ya Oskar Barnack, mlengi wa makamerawa, pa mayuro 14.4 miliyoni. Pamalo otero, kuphonya chaka ndi kutaya chuma cha munthu.

Choyamba chimene aliyense amaloweza ndi manambala. Malenzi ambiri a ku Soviet Union savuta: manambala awiri oyambirira ndiwo chaka, ndipo kachizindikiro ka pambali kamaulula ngati anachokera ku fakitale ya Krasnogorsk, ya Valdai kapena ya Minsk. Canon inkadinda tizilembo kumbuyo kwa lenzi. UC02 ndiye kuti fakitale ya Utsunomiya, chaka cha 1988, mwezi wa February. Koma zilembo za afabeti zikatha ankayambiranso, motero A akhoza kukhala 1960, 1986 kapena 2012, ndipo wosadziwa maonekedwe a lenzi za nyengo iliyonse amasokera ndi zaka 26. Vivitar nayo ili ndi zake. Kampaniyi sinkapanga yokha malenzi, inkangolemba dzina pa zopangidwa ndi ena ku Japan, choncho wogula amayang'ana poyambira nambala: 22 ndi Kiron, 28 ndi Komine, 37 ndi Tokina. Dzina limodzi, koma mitengo yosiyana.

Amene amalekera pa manambala sanafike pa ntchito yeniyeni. Wogula ng'ombe samvera zaka zimene mwini akunena, amaitsegula kukamwa aone mano. Lenzi nayo mano ake ndi galasi, chitsulo ndi kalembedwe. Nikkor yolembedwa "5cm" m'malo mwa "50mm" ndi yakale ndithu, ndipo ikakhala ndi mawu oti Made in Occupied Japan ndiye kuti inapangidwa Japan ikadali m'manja mwa asilikali a America, ulamuliro umene unatha mu 1952. Tinyanga tiwiri ta pamwamba pa lenzi za Nikon tikakhala tobooka, kawirikawiri ndi za 1977 kupita mtsogolo. Ndati kawirikawiri chifukwa eni ambiri ankapititsa malenzi awo akale kuti akawasinthe mkombero, ndipo apa m'pamene wophunzira ntchito amagwa chagada.

Palibe dzina limene limatulutsa thukuta akatswiriwa ngati Carl Zeiss. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kampani imene inayambira ku Jena mu 1846 inagawika pawiri, ina n'kutsala ku Jena kum'mawa kwa Germany, ina n'kukayamba ku Oberkochen kumadzulo. Awiriwa anakokanakokana m'makhoti polimbirana dzina. Zotsatira zake zalembedwa pa malenziwo: za kumadzulo zoyambirira zimati Zeiss-Opton, pamene za kum'mawa zopita kumisika ina zimangoti aus Jena, dzina la Tessar n'kufupikitsidwa kukhala T yekha, Sonnar kukhala S. Pamwamba pa izi, a Soviet Union anatuta makina ndi magalasi ku Jena kupita nawo kwawo, n'kuyamba kupanga malenzi a Jupiter motsanzira Sonnar. Lero atambwali amatenga Jupiter yotsika mtengo, kuichotsa mkombero wakutsogolo, kuikapo wina wozokotedwa dzina la Zeiss. Amachitanso chimodzimodzi ndi makamera a FED ndi Zorki, amene amawapaka golide n'kuwatcha Leica. Katswiri amayang'ana kuya kwa zilembo, kapangidwe ka nambala 4 ndi 7, mtundu wa kuwala kwa galasi, kenako amatsegula buku aone ngati nambalayo inapatsidwadi lenzi ya mtundu umenewo. Kwa ine, apa m'pamene pagona phindu la munthu wa ntchitoyi: kutha kuuza wogulitsa wooneka waulemu kuti ayi, ichi si chimene mukunena.

Mabuku amenewo ali ndi eni ake, ndipo ndiwo anthu oiwalika kwambiri pa ntchito yonseyi. Hartmut Thiele wa ku Germany anasonkhanitsa m'mabuku manambala ochokera m'zolembera za mafakitale a Zeiss. Kumene kampani sinasiye zolemba, okonda makamera amatolera nambala imodziimodzi kwa zaka zambiri mpaka dongosolo lioneke. Sitolo imadya phindu pa thukuta lawo, iwo osalandirapo kanthu.

Patebulo pa woyesa sipakhala zida zambiri. Tochi yaing'ono, galasi lokulitsira zinthu, kapampu kopemerera fumbi, sipanala ya mano awiri yomasulira mikombero. Amatsegula lenzi mbali zonse, kuwalitsa tochi kumbuyo, iye n'kusuzumira chopendeketsa kutsogolo. Zimene diso silinaone zimaonekera pompo: chuku chotambalala ngati ulusi, chifunga cha mafuta amene anauma, kapena mitundu ya utawaleza m'mphepete, chizindikiro chakuti guluu womata magalasi awiri wayamba kulekana. Kenako amatembenuza mkombero pang'onopang'ono akumvetsera ndi zala, n'kuona ngati timasamba tachitsulo tochepetsa kuwala tikutseka msanga kapena tanata mafuta. Chuku ndiye mdani wamkulu kumadera a chinyezi. Lenzi yotsekeredwa m'chikwama chake chachikopa dzinja lonse sichedwa kugwidwa.

Galasi lachikasu limanenanso zake. Super-Takumar 50mm f/1.4 ya Asahi Pentax inayamba ndi magalasi 8 m'kati, kenako anaichepetsa kukhala 7, limodzi mwa iwo losakaniza ndi thorium. Ndi thorium ameneyu amene amachititsa chikasu pakapita zaka, ndipo ena amasunga kachipangizo ka Geiger kuti atsimikize. Ya magalasi 8 ndiyo yosowa ndi yodula, choncho woyesa amayang'anitsitsa mmene galasi lakumbuyo latulukira, ndi mbali ya nambala 4 kumene kwakhala kachizindikiro kofiira.

Zaka za m'mbuyomu ntchitoyi inkaoneka yopita kumanda pamodzi ndi filimu. Inatsitsimuka makamera atsopano opanda kalilole m'kati atabwera, poti ndi kamkombero kolumikizira kotchipa lenzi ya agogo imagwira pa kamera ya lero. Opanga mafilimu nawo analowerera. Zack Snyder anajambula Army of the Dead ya 2021 ndi lenzi yakale ya Canon 50mm f/0.95, ndipo Helios-44, imene inapangidwa yambirimbiri motsanzira Biotar ya Zeiss, ikufunidwa chifukwa cha mmene imazungulizira zinthu za kumbuyo kwa munthu wojambulidwa.

Makasitomala achuluka, koma zida zosinthira palibe amene akupanganso. Mmisiri akafuna galasi kapena mkombero amagula lenzi ina yakufa n'kuiphwasula. Imene yachirayo imabwerera pamsika ili ndi nambala ya chaka china, galasi la chaka china, mwinanso chitsulo cha fakitale ina, popanda aliyense amene anafuna kunamiza munthu. Ikadzafika patebulo pa woyesa wotsatira, adzafunika kuimasula kuti adziwe choti alembe pa kapepala ka mtengo.