Munda ndi wa yani? Mmene nkhani za malo zimayendera kwa Mazengera

Amishoni a Dutch Reformed atafika pa Nkhoma mu 1896, anapeza anthu a Mfumu Mazengera akukhala m'phiri, kuthawa nkhondo za Angoni. Wofuna kugona tulo ankakwera kumene kunali mfumu, ndipo mfumu inkalandira mtulo. Ku Italy nakonso, cha m'ma 1000, midzi yambiri inasonkhana pazitunda mozungulira linga la mwini malo, alimi n'kumalipira chitetezo ndi zokolola komanso thukuta lawo. Koma kwa Achewa, mfumu ikagawira mbumba malo, mundawo unkakhala wa mbumbayo mibadwo ndi mibadwo. Kulipira malo ndi ntchito kunadza ndi atsamunda: thangata m'maesiteti a kummwera, kenako utenanti wa fodya, womwe lamulo la ntchito la 2021 linauthetsa.

Lero makwerero a ufumu ali chonchi: nyakwawa, gulupu, kenako T/A (mfumu yaikulu ya dera), monga Mazengera ku Nkhoma kapena Chiseka ku Mitundu. Lamulo la mafumu la 1967 ndilo limapatsa boma mphamvu yovomereza T/A, ndipo mafumu amalandira mswahara. Komabe dzina la wolowa ufumu limachokera kubanja, makamaka kwa ntchembere za mbumba, ndipo kawirikawiri amakhala mwana wa mlongo wake wa malemu.

Pankhani ya minda ndi pamene ambiri tatsalira. Lamulo la malo a makolo la 2016 likuti pakhale komiti ya malo kwa gulupu aliyense. Gulupu ndiye wapampando, koma mamembala ena 6 amasankhidwa ndi anthu a m'deralo, ndipo osachepera 3 akhale amayi. Komitiyo ndiyo imalandira pempho la wofuna kulembetsa munda, kuyendera malire pamaso pa oyandikana nawo, kufikira munthu atalandira chikalata. Malire amene agogo ankaloza ndi chulu, mzere wa nkhadze ndi chitsa cha mkuyu amalowa papepala. Ine ndimaona kuti apa amayi a kuno sayenera kukhala chete, chifukwa pa chikamwini munda umayenda ndi mkazi, ndipo dzina lolembedwa molakwika lingachotse mbumba yonse padimba lake.

Mukakangana malire, yambani ndi ankhoswe ndi anyakwawa. Milandu yambiri imathera pansi pa mtengo pomwepo. Ikakanika, lamulo lomweli linakhazikitsa bwalo la milandu ya malo lotsogozedwa ndi T/A, ndipo wosakhutira akhoza kuchita apilo kubwalo la kuboma. Pokayendera malire itanani mboni zomwe zinaona makolo anu akulima pamenepo. Ndipo mlendo akabwera ndi ndalama n'kunena kuti a mfumu amugulitsa dambo lodyetsera ng'ombe, anthu a m'mudzi ali ndi ufulu wofunsa kuti komiti inakhala liti, ndi kuti anavomereza ndani.