Jabuticaba, mtengo wobala pa thunthu

Ku Brazil kuli mtengo wotchedwa jabuticaba umene sudikira nthambi kuti ubale. Maluwa ake oyera mbee amatuluka pa thunthu penipeni, ndipo pakatha pafupifupi mwezi thunthu lonse limadzaza tizipatso takuda bii, tonyezimira, titamatirira ngati nkhuyu pa mkuyu. Munthu akaluma, khungu limaphulika, m'kati mumatuluka zoyera, zofewa, zotsekemera.

Mtengowu ndi wa banja limodzi ndi gwafa. M'tauni ya Sabará, pafupi ndi Belo Horizonte, mumachitika chikondwerero cha chipatsochi chaka chilichonse, ndipo eni mitengo amabwereketsa mtengo kwa alendo kuti athyole okha n'kudyera pomwepo. Chifukwa chake n'chomveka: chipatsochi chikathyoledwa chimayamba kusasa pakangotha masiku 3 kapena 4. Sichipirira ulendo wautali, n'chifukwa chake zotsala amapangira jamu ndi vinyo.

Wofuna kudzala afese njere zikadali zaziwisi, chifukwa zikauma sizimera. Mtengo wa njere umatenga zaka 8 kapena kuposerapo usanabale, pomwe womezanitsa umafulumirako. Umafuna dothi lachonde losunga chinyontho, ndipo chilimwe chikafika usamasowe madzi.

Kudikirako ine sindikuyesa kutaya nthawi. Ngakhale usanabale, masamba ake anthete amatuluka ofiirira, khungwa limasupuka n'kusiya mawanga okongola, ndipo poti umakula pang'onopang'ono, umatheka ngakhale mu mphika waukulu pakhonde. Amene muli ndi madzi okwanira pakhomo, mukapeza mbande yake musailekerere.