Chakudya Kapena Mankhwala: Dzina la Zowonjezera M'thupi pa Vuto la Mtovu ku Chowa

M'nkhani ino tifuna kuunika liwu limodzi, liwu lakuti mankhwala, monga momwe limagwirira ntchito pofotokoza chithandizo cha ana amene ali ndi mtovu m'magazi ku Chowa, m'tauni ya Kabwe. Tauniyi kale inkatchedwa Broken Hill, ndipo mgodi wake wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994. Fumbi la mgodiwo lidakali m'nthaka ya m'makomboni oyandikana nawo. Kafukufuku wa Yabe ndi anzake, wofalitsidwa mu 2015, anayeza ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, napeza kuti aliyense anali ndi mtovu woposa mamaikulogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi.

Kodi chakudya chikulowapo bwanji? Matumbo a mwana amayamwa mtovu kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa a munthu wamkulu. Mtovuwo umadzera m'njira zomwe ayironi ndi kashiamu amadzeramo polowa m'thupi, kotero thupi likaperewera michere imeneyi limatsegula njirazo kwambiri, mtovu n'kulowa mochuluka. Mwana wa m'mimba mopanda kanthu amayamwanso wambiri kuposa wokhuta. N'chifukwa chake malangizo a World Health Organization a mu 2021 amati ana otere apatsidwe ayironi kapena kashiamu wowonjezera ngati akuperewera.

Apa ndi pamene chinenero chikutipinga. Mayi akalandira timibulu ta ayironi kuchipatala amati walandira mankhwala, pakuti m'Chinyanja chilichonse chochokera m'manja mwa dokotala ndi mankhwala. Anzathu olankhula Chibemba, omwe ndi ambiri m'tauniyi, nawo amati umuti. Koma m'maganizo athu mankhwala amachiza: munthu amamwa, matenda n'kuchoka, nkhani n'kutha. Timibulu timeneti sitichotsa mtovu umene walowa kale. Ntchito yake ndi kukwaniritsa zoperewera ndi kuchepetsa umene ungalowe mawa. Mankhwala enieni otulutsa mtovu ndi ena, ndipo amaperekedwa kawirikawiri mlingo ukafika mamaikulogalamu 45. Zinthu ziwiri zosiyana chonchi zikamatchulidwa ndi dzina limodzi, kholo likhoza kuganiza kuti mwana wachira botolo likatha, n'kumulekerera kusewera pa fumbi lomwe lija.

Liwu lakuti chakudya nalo silikwana. Ife tikati tadya timatanthauza nsima, ndipo ndiwo timaziyesa zongotsitsira. Komatu kashiamu ali m'ndiwomo, makamaka mu kapenta wodyedwa ndi minga yomwe, pamene chimanga chili ndi kashiamu wochepa ndiponso chimalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi. Mlangizi akangoti "mwana adye mokwanira", mayi angangomuwonjezera mtanda wa nsima. Ngakhale masamba, amene timawatamanda kwina konse, ku Chowa amafunika kusamala, chifukwa olimidwa pa nthaka ya mtovu amatuta fumbi lake.

Ife tikuona kuti womasulira uthenga wa zaumoyo aleke kufuna liwu limodzi. Ndi bwino anene mawu atatu osiyana: "chotchinjiriza" pa timibulu ta ayironi ndi kashiamu, "chotulutsa mtovu" pa chithandizo cha kuchipatala, ndipo pa zakudya atchule ndiwozo mayina, monga kapenta, nyemba, mazira ndi mkaka. Liwu loyambalo lili ndi ubwino wina: chotchinjiriza chimaloza mdani amene adakalipo, ndiye fumbi la pabwalo.